Basi ya a Buleki

Anzawo a kudepoti ankawatcha a Buleki, chifukwa pa zaka zonse zimene anayendetsa basi, palibe wokwera amene anagundapo mphumi pampando wakutsogolo. Kenako sitiroko inawagwira mwendo ndi mkono wakumanzere. Mwana wawo wamkazi anawatenga kukakhala naye m'nyumba yosanja, chipinda cham'mwamba penipeni. Kuti atsike pankafunika amuna awiri owanyamula, choncho pansi ankapondapo tsiku la kuchipatala lokha. Zenera lawo linkayang'ana khoma la nyumba ina.

Mkamwini wawo ndiye anawaikira gemu ya mabasi pafoni. "Bambo, muziyendetsako izi, tsiku lizitha."

Gemuyo inkapatsa nyenyezi wofika msanga, ndipo m'mawa uliwonse inkatsegula kabokosi ka mphatso: matayala, penti, hutala. Ukadumpha tsiku, unkayambiranso pachiyambi. A Buleki analowa m'goli. Tiyi ankazizira pambali, zolimbitsa mkono zimene adokotala anawauza ankangoti mawa. Ankalowa m'makona ngati wamisala, kudula maloboti ofiira, zinthu zimene kale akanatukwanira dalaivala aliyense. Nyenyezi zinkachuluka, koma iwo ankangokhala ndwii.

Tsiku lina masana anaomba basi ya wosewera wina pamlatho. Uthenga unabwera: "Akulu, kuyendetsa munaphunzira kuti?"

Mawuwo anawalasa mtima. Analemba ndi chala chimodzi, mpaka thukuta: "Ndinayamba usanabadwe. Tiye pambuyo panga uone."

Anayenda pang'onopang'ono, kuima pasiteji iliyonse, kudikira okwera akhale pansi. Anafika omaliza, opanda nyenyezi ndi imodzi yomwe. Wosewera uja anali mayi woluka tsitsi, amene anali atalephera kawiri mayeso a laisensi. Anayamba kukumana m'gemumo masana aliwonse, saluni ikakhala zii.

"Madala, pobwerera m'mbuyo ndimasokonezeka."

"Usamayang'ane chiwongolero, mwanawe. Yang'ana galasi."

Mwana wawo pochokera kuntchito ankawapeza akuseka okha. "Mwawina, ababa?"

"Tinali omaliza," ankayankha monyadira. Kabokosi kaja anali atakaiwala.

Patapita miyezi itatu, mayi uja analemba kuti wakhoza mayeso aja, ndipo anathokoza kwambiri. Kuyambira pamenepo anayamba kusowa, mpaka dzina lake linasiya kuyaka pafonipo. A Buleki anamudikira sabata yathunthu osamufunsa chilichonse. Lolemba lotsatira anatsegula gemu ija, analiza injini okha, nasankha msewu wautali wodutsa kumapiri, mvula ikugwa pagalasi.