Liwu Limene Bernardino Anatola Potema Mitengo

Inu amene munauzidwa kuti mulibe mutu wa sukulu, imvani za Bernardino.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ku Lichinga, komwe Apwitikizi ankatchula kuti Vila Cabral, Bernardino analephera mayeso a Chipwitikizi. Aphunzitsi anamuuza kuti lilime lake ndi lolemera. Posakhalitsa anagwidwa chibalo, n'kutumizidwa kukagwetsa mitengo ya pamsewu wopita ku Chimbonila.

Kunkazizira koopsa. Manja ake anatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, koma nkhwangwa sinkatulidwa. Kunyumba anasiya mayi ake, a Teodora, akudwala chifuwa, opanda wowalimira. Ankadzuka wotopa, n'kugonanso wotopa.

Tsiku lina anangokhala pachitsa, mutu uli m'mawondo. Bambo Cassimo, Myao wachikulire amene ankatema naye, anamugwira phewa.

"Hauen, mwanangu! Kapitawo akubwera."

"Mwati chiyani, bambo?"

"Ndi Chijeremani, kutanthauza kutema. Ndili mnyamata ndinagwirapo ntchito kwa Mjeremani ku Tanganyika. Kenaka wansembe wina wa ku Mangalande anandiuza kuti kwawo amati hew. Akuti mawu awiriwo ndi a mimba imodzi, chifukwa makolo a Angelezi anachokera kumbali ya Ajeremani, chilankhulo chili m'kamwa."

Bernardino anatola nkhwangwa, koma maganizo anatsalira pa mawuwo. Kani zilankhulo za azungu nazonso zili ndi abale? Anakumbukira kuti Myao ndi Mswahili onse amati kukata. Iye ankalankhula Chinyanja ndi Chiyao popanda womukwapula. Nanga lilime lolemeralo linali liti?

Anayamba kutchera khutu. Liwu lililonse la Chipwitikizi limene kapitawo wakalipa nalo, ankalibwereza potema mpaka likhazikike. Nthawi zina ankaiwala zonse chifukwa cha njala, n'kuyambiranso.

Chibalo chitatha, anapeza mayi ake ataikidwa kale. Ku chipatala mayiwo analephera kufotokoza pomwe pankawawa, ndipo panalibe womasulira. Bernardino analira, kenaka anakapempha ntchito yosesa pachipatalapo, kuti azimva Chipwitikizi tsiku lonse. Mayeso aja anawalembanso, n'kulephera. Chaka chotsatira anakhoza, ali ndi ndevu pakati pa ana.

M'mawa wina kunabwera mayi wa ku Lione, dzina lake Brígida, mwana akupuma movutikira kumsana. Dokotala ankafunsa m'Chipwitikizi, mayiyo akungogwetsa misozi. Bernardino anatsamiritsa tsache kukhoma.

"Lankhulani Chinyanja, mayi. Ine ndiwauza."

Mwanayo anachira. Kuyambira pamenepo Bernardino anakhala womasulira wa pachipatalapo, ndipo odwala ankafika pachipata akufunsa dzina lake.

Mwina nanunso mwatopa, ndipo palibe amene akuona. Pumani ngati thupi lakana, koma mawa mudzukenso. Musataye mtima, pali wina amene akudikira kuti inu mufike.