Dzanja m'madzi a Birmingham

Ndinakulira m'mbali mwa Shire, kumene ukakwera bwato sutulutsa dzanja kunja. Ndiye tsiku limene tinachita hayala bwato pa ngalande ya kuno ku Birmingham kuti tikaone mbalame, mtima wanga unali m'mwamba. Nkhungu inali isanachoke pamadzi, kakowa ataima ngati ali m'tulo, bwato likungoyandama lokha. Kenaka mwana wanga wamkazi anaviika dzanja m'madzi.

"Iwe, ng'ona!" ndinakuwa, nditam'gwira kale jekete.

Bambo ake anaseka mpaka nkhafi kugwedera. "Amake mwana, ng'onayo yalowa ndi viza yanji kuno?"

Ndinaseka nawo, koma jekete sindinaisiye. Ndi dzanja linalo ndinagwira kadzanja kake, tinaviika limodzi pang'onopang'ono. Madziwo anali ozizira, ndere zikutisisita zala.