Kapeti ya Agogo ndi Anapiye a Adokotala

Chimene ndimakumbukira kwambiri pa nyumba yathu ya lendi ija ndi kulira kwa anapiye. Anali ochuluka, ndipo phokoso lawo linkatulukira kunsi kwa chitseko cha pabalaza osapumira. Unali mwezi wa Juni, m'mawa, kukuzizira kolowa m'mafupa, ine ndili pakhonde kudzatenga ndalama ya mwezi umenewo.

Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu. Anandilera ndi agogo, mayi awo a mayi anga, amene ankapikula mbatatesi ku Dambe n'kumagulitsa pamsika wa pa boma la Neno. Nyumbayo anaimanga ndi mbatatesi yomweyo, pang'onopang'ono, kwa zaka zambiri. Itatha anagula kapeti yofiirira kwa munthu wina wapantchito amene ankasamuka, n'kuiyala pabalaza ponse. Ankati nyumba ya kapeti imaitana anthu olandira pamwezi, ndipo sananame. Miyendo itayamba kuwavuta, ine ndili kale ndi ndevu, anandisiyira zonse za nyumbayo. Lamulo lake linali limodzi: wolowa azisiya dipoziti ya mwezi umodzi, ndipo potuluka aziitenga yonse ngati sanaononge kanthu.

Nthawi imeneyo munkakhala bambo wina wa kuchipatala wochokera kutali, amene tonse tinkangowatchula kuti adokotala. Anali munthu wanthabwala, wolipira pa tsiku lake. Loweruka lililonse ankadutsa kwathu kudzapima agogo kuthamanga kwa magazi, ndipo ankawaitana kuti mayi.

M'mawa umenewo anatsegula chitseko pang'ono chabe, n'kundipatsira ndalama pampata. Koma maso anga anali atalowa kale. Pakati pa balaza anazungulizapo makatoni, pansi anayala masaka n'kuthirapo utuchi, ndipo pakatikati panali mbaula yofunditsa anapiyewo. Pansi pa zonsezo panali kapeti ya agogo. Ndinalandira ndalama, ndinathokoza, ndinabwerera kwathu osanena kanthu. Ndinakula choncho ine: kuona chinthu n'kuchisunga mumtima.

Mu Okutobala adokotala anasamutsidwira ku boma lina. Lole yawo inali yoti ibwere Lachisanu, ndipo mphunzitsi wina, wa mkazi ndi ana atatu, anali atalipira kale kuti alowe Loweruka. Lachinayi ndinapita kukayendera nyumba. Makoma anali bwino, mawindo bwino. Katundu yense anamuunjika pakati pa balaza.

"Tasunthani makatoniwa ndione pansipa," ndinatero.

"Ndi olemera, alandilodi. Muli mabuku."

Ndinawasuntha ndekha. Panali chibanga chakuda chachikulu ngati mphasa, ubweya wa kapeti utamatirirana gwa, ndipo fungo linanyamuka ngati tatsegula khola.

"Ndinaipeza choncho kapetiyi," anatero adokotala akuyang'ana kudenga.

"Mu Juni ndinaona anapiye pamenepa. Ndichotsa ndalama yotsukira pa dipoziti yanu."

Anaseka, koma osati kuseka kwa masiku onse. "Munaona mu Juni? Ndiye munangokhala chete, kudikira tsiku la dipoziti, eti? Inu anthu ofatsa ndi oopsa. Tamverani: makiyi ndipereka ndikalandira ndalama yanga yonse. Apo ayi ndipita nawo, aphunzitsi anuwo adzalowere pawindo."

Nditawafotokozera agogo, anaombetsa manja pa maondo.

"Iwe, wa kuchipatala sakangana naye! Mawa udzagona pa bedi lawo, adzakukumbukira. Apatse ndalama yawo, kapetiyo tikolopa tokha."

"Akusamuka, agogo."

"Amauzana pa foni amenewa! Ukuyesa sadziwana?"

Agogo kugwada anali atasiya kalekale, ndipo ndinkadziwa kuti chikolopa sichingathe chibanga chimene chija. Ndinkadziwanso kuti ndikabweza ndalama yonse, nkhani imveka pa boma ponse, ndipo aliyense wodzalowa m'nyumbamo adzadziwa kuti dipoziti yathu ndi yongoopsezera. Komabe mawu a adokotala sanandichoke m'mutu, chifukwa pa zoti ndinakhala chete sananame.

Panali chinthu china chimene ndinkachidziwa za iwo. Amayi a mumsika ankadandaula kwa agogo kuti adokotala sagula ngakhale mulu wa tomato osanenerera mpaka wogulitsa atatopa. Lachisanu m'mawa ndinabwereka wilibala n'kukagogoda.

"Ine sinditchula mtengo," ndinawauza. "Tiyeni nayo kapetiyi kwa bambo wotsuka magalimoto uja, mukakambirane nokha. Imene mugwirizane ndi imene ndichotse. Akakati palibe chotsuka, mutenga ndalama yanu yonse."

Adokotala anapinda manja a malaya. "Tiyeni. Muona."

Tinaikulunga, tinaikweza pa wilibala, iwo atagwira kumapeto kuti isakwekwereze pansi. Wotsuka magalimotoyo anali bambo wachikulire wa mabuti ong'ambika, amene ankatsukanso njinga zamoto za akabaza. Tinaiyala pa simenti yake. Anawerama, ananunkhiza, anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Eee, adokotala, opaleshoni mumachitira pamenepa?"

"Tchulani mtengo, madala, lole ikundidikira."

"Twente sauzande."

"Twente! Mukutsuka basi kodi? Faifi."

"Faifi ndi ya sopo yekha. Ndiye madzi? Nanga msana wangawu mudzaupima ulere?"

"Seveni, ndipo ndakukomerani mtima."

"Ayi, akulu. Chinthu chosadziwika chimadula. Mwina ndi oyilo uyu, mwina munafera galu. Ndiyambe kukwecha tsiku lonse osadziwa chimene ndikulimbana nacho?"

"Oyilo wanji!" Adokotala anali atatentha, akuloza ndi chala. "Ndi zitosi za anapiye basi, ndi madzi otayikira m'zomwera zawo! Ndinayala masaka, anangodontha. Sopo ndi bulashi, ola limodzi zachoka!"

Akabaza awiri amene ankadikira njinga zawo anaphulika kuseka. Adokotala anatseka pakamwa, anatembenukira kwa ine. Ine ndinkayang'ana thovu likuyenda m'ngalande.

Anapitirizabe kunenerera, chifukwa munthu ndi khalidwe lake, koma mawu anali atatsika. Anagwirizana twelofu. Wotsuka uja atathira ndowa yoyamba, anatiitana n'kutionetsa bowo lopserera, lalikulu ngati chikhatho, pamene khala la pambaula linagwera.

"Ili ndiye sopo salidziwa," anatero.

Adokotala anapumira m'mwamba. "Chabwino, alandilodi. Ili ndi zingati?"

"Limenelo ndi langa. Ndikanayankhula mu Juni, mbaula ikanatuluka isanaboole."

Ndinatulutsa envulopu ya dipoziti, ndinawerenga twelofu sauzande pamaso pawo n'kupatsa wotsuka uja, yotsala ndinawapatsa iwo. Anaiwerenga kawiri, anaipinda, anaiika m'thumba la malaya. Za makiyi sananene kanthu, ndipo ine sindinafunse. Anangoti lole yafika, n'kumapita.

Ndinatsala pomwepo mpaka masana, kuonerera madzi akuda akusanduka ofiirira, kenako oyera. Kapeti inayanikidwa pa mpanda, ndipo dzuwa la Okutobala silinachedwe nayo. Mumtima ndinali nditawerengera kale mtengo wa loko watsopano ndi kalipentala woti n'kumupeza madzulo omwewo. Ndinaona kuti ngakhale zitafika pamenepo, sindingabweze mawu anga.

Cha m'ma fili koloko ndinakankha wilibala kubwerera ku nyumba ija. Lole inali itadzaza, matilesi atamangidwa pamwamba, dalaivala akuliza injini. Ndinaima pakhonde ndi kapeti yanga. Adokotala anatuluka m'nyumba, anakhoma chitseko, anayang'ana kapetiyo, anaigwira ndi zala ziwiri n'kununkhiza.

"Madala aja anandibera. Inali ya teni imeneyi," anatero.

Anandigwira dzanja, analitembenuza, n'kuikamo makiyi atatu omangidwa ndi kachingwe ka bandeji.

"Wa kuchipindayu amafuna muyambe mwakoka chitseko. Mukawauze aphunzitsiwo, angathyole."

Anakwera kutsogolo kwa lole, anamenyetsa chitseko, lole n'kunyamuka.