Mbawa ya m'ndowa yanga

Chaka chimene tinagula TV tinkakhala ku Kawale, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Amuna anga ankayendetsa galimoto ya pa ofesi ina m'tauni, ine ndinkakazinga mandasi pakhomo. Anatopa n'kuonera mpira pawindo la aneba, ndiye Loweruka lina anabwera atasenza chibokosi paphewa, kudzanja linali atagwira kamtengo ka m'chubu.

"Nanga ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Mbawa," anatero monyadira ngati abwera ndi mwana wa ng'ombe. "Imabwera limodzi ndi TV."

Anandifotokozera zimene anawauza kushopu. Akuti kampani yopanga ma TV amenewa, ya kunja uko, inaona kuti ntchito yake imawononga chilengedwe. Zitsulo za m'katimo amachita kukumba pansi, pokumbapo nkhalango zimagwa, mbalame ndi njuchi n'kusowa pokhala. Ndiye pofuna kubweza, aliyense wogula TV ankam'patsa mbande ya mtengo wachilengedwe, osati bulugama, kuti zamoyo zija zibwerere. Ndipo TV ikadzawonongeka mtengo uli moyo, adzakonza ulere ngakhale patapita zaka.

"Ndiye nkhalango agwetse iwo kwawoko, opepesa mbalame tikhale ife a ku Kawale?"

"Inu amayi, zachitukuko izi simungazimve," anandiyankha, n'kutenga khasu.

Eni nyumba athu anali mayi wamasiye wa ku Dedza, ankakhala nyumba ya kutsogolo, ndipo pa puloti yawo ngakhale nkhuku sinkapalasa iwo osadziwa. Khasu lisanalowe bwino m'dothi anali atafika kale, akumangirira chitenje.

"Abambo, mukukumba chiyani pamenepo?"

"Ayi amayi, kamtengo chabe, ka kampani."

"Mtengo? Pa puloti yanga? Lero mtengo, mawa mudzati ndi malire, mkuja ana anu adzaima kukhoti n'kumati mbawa iyi anabzala ndi bambo athu. Wa lendi amabzala mpiru, abambo, zinthu zoti akadya zatha. Mtengo amabzala ndi mwini malo. Kwirirani."

Sikuti mayiwo anali ankhanza. Limenelo ndi lamulo la m'makomboni, palibe analilemba koma aliyense amalidziwa. Zikuoneka kuti a kampani okha ndi amene sanalimvepo. Amuna anga anangokwirira dzenje lija. Kwa eni kulibe mkuwe.

Tsopano ndinene za ndowa. Ndinali ndi ndowa yamalata, yolemera, imene mayi anga anandipatsa pa chilangizo changa. Poipereka anati, "Iyi ukatungire madzi panyumba pako." Sinadonthepo, ndipo sindinkabwereketsa munthu ngakhale pamaliro. Mawa lake pochokera kumsika ndinaipeza pakhonde itadzaza dothi, mbawa ili ndii pakati. Nditaipendeketsa ndinaona kuti pansi aiboola ndi msomali, mabowo ondandalika bwino. Anaboola ndi aneba athu, bambo wa ku Mangochi wokhoma zidebe, amene atandiona anakweza manja onse awiri.

"Pepani achemwali, ine ndangotumidwa. Ndinawauza kuti ndowa ngati iyi masiku ano kulibe."

Zimene ndinalankhula tsiku limenelo sindingazilembe pano. Amuna anga anadikira mpaka mpweya unandithera, kenaka anati, "Ndi kwa kanthawi chabe. Tikapeza malo athu tidzaibzala, ndowa yanu ndidzakubwezerani."

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munali ana atatu, wachitatuyo ndiye wokondedwa. Madzi akasiya kutuluka pampopi, ife tinkasamba a m'kapu koma mbawa inkamwa. Dzuwa likaswa mtengo, amuna anga ankaisunthira pamthunzi, mphepo ikaomba ankaiimikira thumba. Madzulo ankakhala pakhonde kudikira mbalame zimene kampani inalonjeza. Zimene zinabwera ndi nyerere, buluzi mmodzi, ndi mbuzi ya aneba imene inadya nsonga yonse n'kutiyambanitsa ndi banja lija mwezi wathunthu. Tsiku lina kampheta kanatera pakanthambi, iwo anaitana nyumba yonse.

"Mwaona? Kampani sinaname!"

Kampheta kaja kankafuna nyenyeswa za mandasi anga, koma ndinangowasiya.

Lendi itakwera tinasamukira ku Biwi, kenaka ku Chinsapo. Posamuka paliponse mbawa inkakhala kutsogolo ndi adalaivala, ine kumbuyo pamwamba pa matiresi, nditakumbatira mbaula ndi ana. Eni nyumba atsopano asanatifunse kwathu kapena mpingo wathu, ankayamba ayang'ana ndowayo. A ku Biwi anangoti, "Chimenecho chisadzatsike m'menemo." A ku Chinsapo ndiye anali ochenjera zedi. Tsiku lina anagwada n'kusuzumira pansi, n'kupeza kuti mizu yatulukira m'mabowo aja ndipo yagwira dothi lawo. Anaitana amuna anga ngati agwira wakuba. Kuyambira tsiku limenelo ndowa inkakhala pa njerwa, ndipo Lamulungu lililonse pochokera kutchalitchi amuna anga ankainyamula kuti eni nyumba aone kuti palibe muzu wakhudza pansi.

Ku Chinsapo komweko ndi kumene TV inafera. Magetsi anazima, pobwera anabwera ndi ukali, tinangomva thu! kenaka fungo la waya wopsa. Ana analira. Amuna anga ndiye nkhope inachita kuwala, chifukwa tsiku loti andionetse phindu la mbawa linali litakwana. Anavala jekete, ine anandisenzetsa TV, iwo anakumbatira ndowa. Nthawiyo mtengo unali utawafika pachifuwa.

Pasiteji kondakitala anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Madala, chimtengocho chilipira. Chikhala pampando ngati munthu."

"Ndichiika pamiyendo."

"Pamiyendo pake pati? Mukufuna muboole anthu m'maso? Shapu, lipirani tizipita."

Analipira. Mbawa inakhala cha kuwindo, nthambi zili panja zikupepeluka, anthu m'njira akuloza. Mayi wina amene anakhala kumbuyo kwathu anandikodola n'kunong'ona, "Pepani amayi, akudwala ndani? Asing'anga ake ndi a kuti?"

Kushopu tinapeza mtsikana atavala malaya ojambulidwa tsamba lobiriwira pachifuwa. Ataona mtengo ukulowa pakhomo anabisa kukamwa n'kuthamangira kukaitana abwana ake. Abwanawo anali mnyamata ndithu, waulemu wake. Anagwira masamba, anayamikira kuti mtengo ukuoneka wosamalidwa, kenaka anakanda m'mutu.

"Bambo, vuto ndi limodzi. Kampani imafuna mtengo wobzalidwa pansi. Timatumiza munthu kudzaujambula, chithunzicho chimapita kulikulu kunja. M'ndowa mtengo sukula, mbalame sizingamangemo zisa. Koma n'zosavuta, ingokaubzalani pakhomo panu. Kabwalo mulibe?"

Amuna anga ndi munthu wosasowa yankho. Amatsutsana ndi wailesi, amatsutsana ndi abusa. Koma apa anangoyang'ana ndowa. Kenaka anayang'ana nsapato zawo. Munthu wa ana awiri, wa imvi zoyamba m'mutu, wogwira ntchito zaka zonsezo mumzinda uno, analibe dothi lokwana phazi limodzi loti anene kuti ndi lake. Ine amene ndinabwera kudzawaseka ndinawamvera chisoni.

"Kabwalo tili nako, achimwene," ndinayankha ndine, "koma n'ka eni."

Tinabwerera ndi katundu wathu yense. Mbawa inalipiranso mpando.

Titafika kunyumba anaika TV pakona n'kunena kuti isakonzedwe. Ndinayala kansalu koluka pamwamba pake, inasanduka tebulo loikapo maluwa apulasitiki. Mowa wa Loweruka anasiya osauzidwa ndi munthu. Ine ndinawonjezera zitumbuwa pa mandasi, n'kulowa chipereganyu ndi amayi anzanga a kumsika. Sitinakhalepo pansi kuti tigwirizane, koma tonse tinkadziwa chimene tikusungira.

Koma mbawa inayamba kutopa nafe. Inasiya kukula, masamba anachita chikasu, m'chilimwe anayoyoka n'kutsala owerengeka kunsonga. Amuna anga anasintha dothi la pamwamba, anathira manyowa a nkhuku, sizinathandize. "Yapanikizika," ankatero. "Chilimwe china siidutsa." Ndipo m'mawa wina ndinangozindikira kuti ndaima pamenepo ndi madzi otsukira mpunga, ndikuithirira uku ndikuikalipira.

"Iwe usayerekeze kufa. Unandiwonongera ndowa, ufe wopanda phindu?"

Puloti tinaipeza kuseri kwa Area 25, kupitirira Nsungwi, kumene nthawi imeneyo kunali minda ya chimanga yokhayokha. Inali yaing'ono, yotsetsereka, yopanda madzi ndi magetsi, pakati pali chulu. Nthawiyo n'kuti shopu ija itatsekedwa kale, mutalowa ogulitsa matiresi, ndiye tinkadziwa kuti palibe adzabwere kudzajambula chilichonse. Komabe mvula yoyamba itagwa, njerwa ngakhale imodzi tisanaumbe, chinthu choyamba kupita kumeneko chinali ndowa. Tinaikweza pa njinga, ana akukankha.

Amuna anga anakumba dzenje lalikulu loti n'kukwanamo mbuzi. Kenaka anagoneka ndowa kuti atulutse mtengo. Unakana. Anagogoda m'mbali, anathira madzi, anakoka pang'ono, osatheka. Mizu inali itazungulirazungulira m'katimo mpaka kulimba ngati nkhata, ina italukana m'mabowo a msomali aja. Thukuta lili kamukamu, anakhala pansi.

"Ndikakoka mwamphamvu ndiipha," anatero. "Koma ndinalonjeza kuti ndowa yanu ndidzabweza. Mwina tiisiye inyowe, tidzayesenso mawa."

Ndinaiyang'ana ndowa ija. Inali itachita dzimbiri m'munsi, chogwirira chinapindika pa ulendo wa ku Biwi, komabe inali yomwe ija. Mayi anga anali atatisiya chaka chapitacho, ndipo pa zinthu zonse zimene anandipatsa, yotsala inali yokhayi. Anati ndikatungire madzi panyumba panga. Zaka zonsezo ndinkatunga pa nyumba za eni.

"Tandipatsani nkhwangwayo," ndinatero.

"Amayi, mukutsimikiza?"

"Mukafunsanso ndisintha maganizo. Gwirani mtengo wanuwo."

Ndinatema m'mbali kuchokera kukamwa mpaka pansi. Malata akale ndi olimba, anandivutitsa, ndipo ndinkatema misozi ikutsika, ana akuyesa kuti ndi thukuta. Ndowa inakanuka, mizu inatuluka yonse pamodzi itatenga maonekedwe a ndowayo. Amuna anga anaimasula pang'onopang'ono ndi zala, anatsitsira mtengo m'dzenje, tonse tinakwirira n'kupondaponda.

Titamaliza, ana anathamangira pachulu kukasewera. Ine ndinayamba kutolera makasu. Koma amuna anga anangoima pomwepo, khasu lili m'manja, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wamva kuitana.

"Mukudikira chiyani? Tiyeni, mvula ikubwera."

"Ndimati mwina wina abwera kudzandifunsa kuti ndikukumba chiyani."

Ndinaika makasu pansi n'kuima nawo. Tinadikira mpaka madontho anayamba kugwa pa masamba otsala aja. Sipanabwere munthu.