Jekete ya Mabatani Anayi

Anandilanda jekete ya abambo ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali, uja amakhala ku Tete.

Inali ya jinzi, yolemera ngati chiguduli chonyowa. Abambo anaipeza ku Malawi nthawi yothawa nkhondo, m'mabelo a zovala zogawira anthu a mumsasa, ndipo inafika m'manja mwawo itatha kale. Anabwera nayo kuno ku Tsangano nkhondo itatha. Ine ndinabadwa n'kuipeza. Anakumba nayo kachewere, anasenza nayo matumba, anakhala nayo pamsewu m'chisanu cha Junyu kudikira malole a ogula. Mtundu unachoka m'zigongono ndi m'mapewa. Inali ndi mabatani anayi achitsulo, adzimbiri, ndi thumba limodzi lopanda chovindikira.

Atadwala, ndinasiya sukulu mu oitava, kalasi yachisanu ndi chitatu, kuti dimba lisagone. Tsiku lina ndikuwatulutsa kukaothera dzuwa, anandiuza kuti jeketeyo ndi yanga, ndizivala popita kothirira. Tinali awiriwiri. Ndinawayankha kuti ayambe achira kaye. Sanachire.

Msuweniyo matenda onsewo sanapondeko. Pamaliro anabwera pa mota, njinga yamoto, atavala jekete ya jinzi yotuwa m'zigongono ngati ya abambo, koma ikununkhira sitolo. Okumba manda anamufunsa ngati ntchito inamuthera ku Tete. Iye anaseka n'kufotokoza kuti ndi yatsopano, imagulidwa choncho yotuwa kale, mtengo wake wa mbuzi. Akuti amatengera zimene ankavala antchito a m'mafakitale kwa azungu pa nkhondo yawo yaikulu ija. Akuti chitsulo chinkapita ku zipolopolo, ndiye osoka ankachepetsa mabatani. Ankaikamba nkhondo mokoma, munthu woti mfuti anaionera pa foni. Kutanthauza kuti kwinakwake kuli makina amene ntchito yawo ndi kukhula nsalu kuti munthu wa manja ofewa aoneke ngati anagwirapo khasu, ndipo kuli zitsiru zolipira.

Titaika maliro analowa m'nyumba n'kuona ya abambo ili pamsomali. Anawerenga mabatani ndi chala. Anatembenuza kolala, anaijambula kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinamuuza kuti aisiye, abambo anandipatsa ine. Anandikokera kuseri kwa khola.

Kwathu kuno katundu wa mwamuna amagawa ndi abale ake, pakapita mwezi. Ana ake ndife a mbumba ya amayi athu, timalandira zimene atiganizira. Mwana wa mlongo wa malemu ali ndi mawu kuposa ine amene ndinkachapa zofunda zawo. Chimene chimatchinga ndi chimodzi chokha: wogawa asanagwire kanthu amafunsa ngati malemu anasiya mawu pa chinthu china. Msuweni ankadziwa zimenezo.

"Iwe msuweni, sanza imeneyi ikupindulira chiyani?" anatero. "Tsiku logawa ungokhala chete. Ndikupatsa mili e kinyentu."

"Pa sanza, asuweni?"

"Pali munthu amagula zenizeni. Yangayi ndi yongoyerekeza."

Mametikali 1,500. Maliro anali atasesa m'nyumba, kachewere akudikira adubo, fetereza uja. Ndinavomera. Palibe anandigwira pakhosi. Ndalamazo anati adzandipatsa tsiku logawa. Amayi sitinawauze za ndalamazo. Msuweni anangowapempha mwaulemu, manja kumbuyo, kuti jeketeyo amusungire, azikumbukira nayo amalume ake.

Ine ndinanyamuka kupita ku Chidzolomondo kukagwira ganyu yosoka fodya, masabata atatu. Zotsalazi ndinazimva nditabwerako.

Amayi pempho lija linawachititsa manyazi. Azakhali anali atayamba kale kuyankhula pachitsime kuti mchimwene wawo anafa akuyenda m'nsanza ngati alibe mkazi. Tsopano nsanza yomweyo ikayalidwe pamkeka pamaso pa akuchimuna onse, kenako ipite mumzinda? Anaiphika m'madzi otentha. Anagula utoto wa nsalu kumsika n'kuinyika mpaka inada bii. Anagwira nkhuku n'kupita nayo kwa telala. Telalayo anatembenuza kolala, anaika zigamba m'zigongono, anasokerera chovindikira pathumba kuti ndalama zisamagwe. Mabatani adzimbiri anawadula n'kuika apulasitiki, asanu, chifukwa anayi aja ankasiya mpata wolowa mphepo. Anagwira ntchito yabwino, sindinganame. Chikhalireni jekete ija sinakhalepo yofunda chotero.

Ine sindinaione mpaka tsiku logawa, chifukwa amayi anaipinda n'kuikulunga m'chitenje.

Anagawa ndi abambo aakulu, mkulu wawo wa abambo. Anayala mkeka pabwalo, anaika makasu, wailesi, nsapato, mathalauza awiri, ndi phukusi lija. Anafunsa ngati malemu anasiya mawu. Anafunsa kachiwiri. Kachitatu anandiyang'ana ine, poti ndi ine ndinkadwazika. Ndinayang'ana zala zanga zakumapazi. Msuweni anakhosomola.

Phukusi linapita kwa iye. Anamasula chitenje akumwetulira. Atatambasula jeketeyo kumwetulirako kunatsala pakamwa pokha. Anawerenga mabatani ndi maso, kawiri. Azakhali anaomba m'manja n'kunena kuti alamu awo aisamala bwino, ngati yatsopano. Amayi anaweramitsa mutu, akusangalala. Chovala cha malemu sukana, ndiye msuweni anagwada n'kuthokoza. Anthu anati aiyese. Anavula yake yogula ija n'kuvala ya abambo, anatseka mabatani onse asanu, anaima pabwalo ngati mlonda wa pabanki.

Anthu akudya, anandipeza kuseri kwa khola komwe kuja. Anafunsa kumene kunali mabatani akale. Ndinali nditafunsa kale amayi, ndiye ndinamulozera kudzala. Anapitadi. Munthu wamkulu, nsapato zoyera, kufukula makoko a kachewere ndi phulusa ndi kamtengo, nkhuku zikumuthandiza. Anapeza limodzi. Anabwera nalo m'manja ngati dzino lozuka.

"Ndinagula ina, mwandipatsa ina," anatero. "Iyi ngakhale pa kalamidade, pa kaunjika paja, sangaitole. Mwaiononga."

"Simunagule jekete, asuweni. Munagula pakamwa panga. Ndinatseka kapena sindinatseke?"

Anati wogula uja ankafuna dzimbirilo, kutuwako, ming'aluyo. Akuti thukuta la amalume ndiye linali mtengo wake, ndipo amayi analiphika. Ndinamuuza kuti ngati ilibenso ntchito andibwezere, ine ndili nayo ntchito, kudimba kumazizira. Anati sizingatheke. Anaipatsidwa pamaso pa anthu, amayi ake akaifunsa adzayankha chiyani? Ndipo ine ndikapite kwa ndani? Abambo aakulu anandifunsa katatu. Ndikabwerere kukanena kuti mawu analipo koma ndinawagulitsa?

Anapisa m'thumba n'kutulutsa mametikali 200, akuti ndigule sopo, zotsalazo adzaona akafika ku Tete. Ndinalandira. Adubo wa ndalama zimenezo anakwana mizere yochepa, ina yonse inafiira masamba.

Padutsa nyengo ziwiri zozizira. Kothirira ndimapita nditavala malaya awiri ndi thumba la adubo lobooledwa pakhosi. Mnzanga woyendetsa shapa, minibasi ya anthu, anaiona jeketeyo ku Tete. Akuti msuweni amaiyala pampando wa mota kuti usatenthe ndi dzuwa. Kumeneko kutentha kwake munthu amalakalaka atavula ndi khungu lomwe, nanga jekete angaivale liti? Yake yoyerekeza ija amavala pojambulitsa basi.

Amayi mpaka lero amauza anzawo kutchalitchi kuti jekete ya amuna awo ikuvalidwa mumzinda. Sindinawauze, ndipo sindiwauza. Nkhuku yawo inapita, asangalale nayo nkhaniyo.

Msuweni ndikamuimbira amati rede ya foni ikuvuta, sakundimva bwino. Ine ndimamumva bwinobwino. Ali ndi mametikali anga 1,300.