Malo a Che Rashidi Pawindo

Pa famu ya fodya kufupi ndi Karoi, ku Zimbabwe, panalibe munthu waukhondo kuposa Che Rashidi. Ankasankha fodya m'shedi tsiku lonse, koma kanzu yake inkayera mbee, mpaka anzake ankamuseka kuti fumbi limamuopa. Komboni inalibe shehe, choncho kwa zaka khumi ndi zisanu ndiye ankatsogolera swala mumzikiti wawo wa zidina. Ulemu wake wonse unali pamenepo.

Magazi atayamba kutuluka akapita kuchimbudzi, anabisa chaka chathunthu. Mu 1994 anakomoka m'shedi, lole n'kumutengera kuchipatala ku Harare. Dokotala anapeza chotupa kumapeto kwa matumbo. Anachidula, n'kutseka njira, n'kumuboola pamimba pomwe anamatapo kathumba kolandira chimbudzi.

Atatsitsimuka sanafunse ngati wachira. Anafunsa namwino kuti, "Nanga udhu wanga?" Ankanena kusamba kuja kwa Msilamu asanaswali, komwe kumatha mphamvu munthu akatulutsa chonyansa.

"Sekuru, tendai Mwari, muli moyo," anatero namwinoyo, kumuuza m'Chishona kuti athokoze Mulungu, osamva n'komwe funsolo.

Rashidi anadziweruza yekha. Kathumba sikapempha chilolezo, ndiye udhu wake sungakhale. Anasiya kulowa mumzikiti, n'kumaima panja pawindo. Kenako anapeza nzeru yomvetsa chisoni: kuyambira Lachitatu osadya kanthu, kuti mwina Lachisanu, tsiku la swala yaikulu, kathumba kakhale kouma. Sikankauma.

"Bambo a Hawa, mudzipha ndi njala," mkazi wake Mwanaisha ankadandaula. "Funsani anthu ophunzira."

"Ndikavule mimba pamaso pa amuna anzanga? Iyayi."

Zaka zitatu zinatha choncho, munthu n'kutsala mafupa okhaokha. Chowawa n'chakuti onse ankamuona pawindopo, koma poopa kumuchititsa manyazi palibe anamufunsa.

Shehe wina wa ku Harare atabwera kudzacheza, Mwanaisha anamukokera pambali n'kuulula zonse. Shehe anathamangira kunyumba komwe Rashidi anali gone pamphasa.

"Che Rashidi, wodwala ngati inu amasamba udhu n'kulowa. Chotuluka chokha si mlandu wanu. Khomo linali lotsegula masiku onsewa."

Rashidi anayang'ana kudenga. "Lachisanu likubwerali mundinyamule," anatero.

Anamwalira Lachitatu. Anamunyamuladi kupita kumzikiti, koma mwambo wawo ndi wakuti maliro amawaswalira panja. Jeneza, chithatha chonyamulira maliro, analitsitsa pansi pa windo lomwe lija.