Nyimbo ya Fintan

Mkulu wina woulutsa mawu ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo ndiye mkhalakale pa wailesi yathu kuno kumadzulo kwa Ireland. Vuto lake ndi limodzi: nyimbo ikangoyamba, nayenso amayamba kulongolola.

Dympna, woyandikana naye nyumba, anamupempha kuti amuikire mwamuna wake Fintan, yemwe anali kayakaya m'chipatala, nyimbo imene anavina paukwati wawo. Anaiikadi, koma anafotokoza za mpira mpaka nyimboyo inatha.

"Bambo inu, pakamwa panupo palibe chitseko?" anatero Dympna atakumana naye kutchalitchi.

"Mayi, nyimboyo Fintan amaidziwa kale. Zigoli zadzulo ndiye sanazimve."

Fintan sanatulukemo m'chipatala muja. Mkuluyo akadali pantchito. Dympna wailesi yake anaitsekera m'kabati.